Njinga yamoto yakale ikataya magetsi, musathamangire kusitolo

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za feteleza ndi mbewu, tikambe za chida china chimene chasanduka khasu lachiwiri pakhomo pa mlimi wa kuno ku Mwanza. Ndikunena njinga yamoto, ija ena amaitcha mthuthuthu. Miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi manachesi akapsa, mlimi wa ku Thambani kapena ku Kunenekude amadalira njingayi kuti madengu ake afike pa Boma kapena m'mphepete mwa msewu wa M6 ogula a ku Blantyre asanachoke. Nachesi likathyoledwa silidikira munthu. Njinga ikagona masiku atatu, zipatso zimayamba kufota ndipo wogula amatchula mtengo umene waufuna iye.

Njinga zambiri zimene alimife tili nazo ndi zakale. Zina zinali za alangizi a zaulimi, zina za azaumoyo kapena za mabungwe, ndipo tinazigula zitagwira kale ntchito zaka zambiri. Injini zake n'zolimba ndithu, koma mawaya ake akalamba. N'chifukwa chake dandaulo limene ndimamva kawirikawiri pamsika ndi lakuti, "Njinga yanga yataya moto." Mwini wake akangotero amayamba kugula zinthu: lero pulagi, mawa koyilo, mkuja batire, mpaka ndalama ya madengu angapo yatha, njinga ili chiimire.

Ine ndasunga njinga yakale kwa zaka zambiri, ndipo ndathandizapo anansi anga kukonza zawo. Chimene ndaona n'chakuti nthawi zambiri chitsulo chodula sichikhala chitafa. Magetsi amangokhala kuti asowa podutsa kaamba ka dzimbiri, dothi, madzi kapena waya amene waduka. Choncho ntchito yaikulu ndi kutsata njira ya magetsi pang'onopang'ono, kuyambira pa zinthu zosafuna ndalama, n'kumalizira pa zodula. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dziwani kaye mtundu wa njinga yanu

Yamaha AG100, imene alangizi ambiri ankayendera, inatuluka m'chaka cha 1973 ndipo inapangidwira alimi a ziweto a ku Australia ndi New Zealand. N'chifukwa chake ili ndi kaliyala wamkulu komanso tcheni chotsekeredwa kuti chisalowe matope. Honda CG125 inayamba kupangidwa mu 1975, ndipo akatswiri a ku Japan anaipanga dala kuti izipirira m'maiko amene misewu ndi yafumbi ndipo magalaja ali kutali. Njinga zambiri za ku China zimene anyamata a kabaza akuyendera masiku ano, injini zake anatengera pa CG125 yomweyi. Tsono zambiri zimene ndifotokoze pano ziwathandiza iwonso.

Pali zinthu zitatu zimene mwini njinga aliyense ayenera kudziwa. Choyamba ndi mphamvu ya magetsi ake, ngati ndi mavolti 6 kapena 12. Werengani tizivindikiro ta pamwamba pa batire. Tikakhala titatu, ndiye kuti ndi la mavolti 6. Tikakhala 6, ndi la mavolti 12, pakuti chipinda chilichonse cha batire chimapereka mavolti 2 ndi pang'ono. Mabatire otsekeratu alibe tizivindikiro, koma nambala imalembedwa pambali.

Chachiwiri ndi kumene moto wa pulagi umachokera. Pa AG100, pa Yamaha DT125 ndi pa CG125 yakale, moto umapangidwa ndi magneto. Ili ndi gudumu lachitsulo lokhala ndi maginito m'kati, limene limazungulira pamwamba pa makoyilo m'mbali mwa injini. Koyilo ina imapereka moto wa pulagi, ina imayatsa getsi ndi kudzaza batire. Njinga yotere imalira ngakhale batire litafa. Koma njinga zina zakale, monga Honda CD175, moto wa pulagi zimautenga ku batire, ndipo batire likafooka injini nayo imafooka kapena kukaniratu.

Chachitatu ndi chimene chimalamula nthawi yoti pulagi ithetheke. Njinga zakale kwambiri zili ndi mapointi, tizitsulo tiwiri timene timatseguka ndi kutsekeka injini ikamazungulira. Zapambuyo pake zili ndi kabokosi kakuda kotchedwa CDI. Mapointi amatheka kutsukidwa ndi kuchunidwa pakhomo, pamene CDI ikafa ndiye kuti yafa basi.

Magetsi amapita ndi kubwerera

Amene amachita ulimi wamthirira amadziwa kuti ngalande ikatsekeka pamalo amodzi, munda wonse wa kumunsi umauma ngakhale dziwe lili lodzaza. Magetsi nawo ali chimodzimodzi, kungoti iwo amayenera kubwereranso kumene achokera. Amachoka ku batire, kudutsa pa fyuzi, pa swichi ya kiyi, kufika pa babu kapena pa hutala, kenaka n'kubwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha felemu ya njinga. Njira yobwererayi ndi imene amakaniko amaitcha earth. Ambiri amaiwala za njirayi chifukwa siioneka, komatu bauti imodzi ya earth ikachita dzimbiri, njinga yonse imakhala ngati yafa.

Mitundu ya mawaya imathandiza kutsata njirayi. Pa Honda waya wa earth ndi wobiriwira, pa Yamaha ndi wakuda, pa Suzuki ndi wakuda wa mzere woyera. Wochokera ku batire kawirikawiri ndi wofiira. Umene umatenga magetsi mukatsegula kiyi ndi wakuda pa Honda, wabulawuni pa Yamaha. Chenjerani kuti njinga yakale yadutsa m'manja ambiri, mwina ena analumikizapo mawaya a mitundu ina. Tsatani waya ndi chala mpaka muone kumene wathera.

Zida zofunika si zambiri: sipanala ya pulagi, sipanala za 8, 10 ndi 12, sikuludiraiva, pulayazi, sandipepa wosalala, tepi yomatira mawaya ndi mafuta a vaselini. Chida chachikulu mupanga nokha. Tengani babu laling'ono la indiketa logwirizana ndi mavolti a njinga yanu, mulumikize waya mmodzi kumatako kwake, wina m'mbali mwake. Mukagunditsa waya mmodzi pa chitsulo choyera cha injini, wina pamalo amene mukuyeza, babu likayaka ndiye kuti magetsi afika pamenepo. Amene angathe kugula mita yoyezera magetsi achita bwino, koma babu lokhali limagwira mavuto ambiri.

Musanamasule chilichonse, dzifunseni kuti chafa kwenikweni n'chiyani. Mayankho ake alipo atatu, ndipo lililonse lili ndi njira yakeyake.

Hutala, maindiketa ndi kagetsi ka nyutulo zonse zili zii

Apa vuto lili pa njira ya batire. Yambani ndi batire lenilenilo. Gunditsani mawaya a babu lanu pa mitu iwiri ya batire. Likawala kwambiri, batire lili ndi moto. Pa mita, batire lodzaza la mavolti 6 limaonetsa pafupifupi 6.3, pamene la mavolti 12 limaonetsa pafupifupi 12.6. Onaninso madzi ngati ali pakati pa mizere iwiri yolembedwa pambali. Akatsika onjezerani madzi a batire ogulitsidwa pomwetsera mafuta. Madzi a pamjigo ali ndi mchere umene umapha batire, ndipo asidi sawonjezeredwa m'batire limene likugwira kale ntchito.

Kenaka yang'anani mitu ya batire. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamenepo umatseka magetsi. Masulani waya wa chizindikiro chochotsera poyamba, ndipo pobwezera ukhale womalizira, kuti sipanala ikagunda felemu pasachitike shoti. Sungunulani soda, yemwe uja amayi amaphikira therere, m'madzi ofunda, n'kutsukira mituyo, koma musalole kuti madziwo alowe m'kati mwa batire. Palani ndi sandipepa, mangani zolimba, n'kupaka vaselini pamwamba.

Batire likakhala bwino, pitani pa fyuzi, imene imakhala pa waya wofiira pafupi ndi batire. Fyuzi yagalasi imatha kuoneka yabwinobwino pamene kawaya kake kaduka kumapeto kumene diso silifika. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Yezani ndi babu mbali zonse ziwiri. Likayaka mbali imodzi yokha, fyuzi yapsa kapena tizitsulo toigwira tachita dzimbiri. Ikani ina ya nambala yomweyo, imene pa njinga zazing'onozi kawirikawiri imakhala 10 kapena 15. Musaike msomali, waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Fyuzi ndi mlonda amene amafa kuti mawaya onse apulumuke, ndipo mawayawo amadutsa kunsi kwa thanki ya petulo.

Fyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, ndiye kuti waya wina wasupuka ndipo akugunda felemu. Musathe mafyuzi pachabe. Lumikizani babu lanu pamalo pa fyuzi, mutsegule kiyi. Babulo liwala kwambiri malinga ngati shoti ilipo. Tsono solotsani mawaya mmodzimmodzi, wa hutala, wa maindiketa, wa getsi la buleki. Pamene babu lizime kapena kuchepa mphamvu, dziwani kuti njira imene mwachotsayo ndiyo ili ndi vuto.

Mukadutsa pa fyuzi, tsatani waya wochotsera mpaka pamene wamangidwa pa felemu. Chaka china mnansi wanga anagula mabatire awiri m'miyezi itatu chifukwa hutala ndi maindiketa zinkangofa. Titachotsa mpando tinapeza kuti kapaipi kotulutsa mpweya wa batire kanagwa kalekale, ndipo asidi ankadonthera pa bauti ya earth mpaka inachita dzimbiri lofiira. Tinapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, tinamanga, hutala n'kulira. Mabatire onse awiri anali amoyo. Kapaipi kameneka musakanyoze, kaziloza pansi, kutali ndi tcheni ndi mawaya.

Chomalizira pa njirayi ndi swichi ya kiyi. Ngati magetsi akufika pa waya wofiira wolowa m'swichi koma sakutuluka mukatsegula kiyi, swichiyo yadzaza fumbi kapena yatha m'kati. Nthawi zina mukagwedeza kiyi kagetsi ka nyutulo kamaphethira, ndipo umenewo ndi umboni wokwanira.

Injini ikukana kulira kapena ikuzima panjira

Musananamizire magetsi, onani mafuta. Kodi petulo alimo? Kodi kampopi n'kotsegula? Kodi akufika mu kabuleta? Njinga ikamazima mutayenda pang'ono, tsegulani chivindikiro cha thanki nthawi yomweyo. Mukamva mpweya ukulowa kuti fuu, ndiye kuti kabowo kopumira ka pachivindikiro katsekeka ndipo petulo sakutsika. Limenelo si vuto la magetsi.

Mafuta akakhala bwino, masulani pulagi, muibwezere m'chipewa chake, n'kuigoneka pa chitsulo cha injini, kutali ndi bowo lake komanso kutali ndi petulo wotayika. Chitani zimenezi pamthunzi kuti muone bwino. Pondani kiki mwamphamvu. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuti the the. Wofiirira ndi wofooka. Pulagi yakuda ndi mwaye kapena yonyowa ndi oyilo, monga zimachitikira pa njinga zosakaniza oyilo ndi petulo, itsukeni kapena yesani ina imene mukudziwa kuti ikugwira ntchito pa njinga ya mnzanu. Mpata wa kukamwa kwa pulagi pa njinga zambiri zoterezi ndi mamilimita 0.6 mpaka 0.7.

Moto ukapanda kuoneka, potokolani chipewa cha pulagi kuchichotsa pa waya wonenepa uja. Dulani nsonga ya wayayo pafupifupi sentimita imodzi, chifukwa pamenepo pamakonda kuchita dzimbiri. Gwirani wayayo ndi nsalu youma, nsonga yake italikirane ndi injini mamilimita 5 kapena 6, n'kuponda kiki. Moto ukadumpha, ndiye kuti chakufa ndi chipewa, chinthu chotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi koyilo.

Ukakanabe, ganizirani za waya wozimitsira injini. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Njinga ya magneto mukatseka kiyi, swichi imatenga moto wa pulagi n'kuutayira mu felemu. Choncho madzi, matope kapena dzimbiri zikalowa m'swichi ya kiyi kapena m'kabatani kozimitsira ka pachiwongolero, zimachita ntchito yomweyo ndipo injini imazima ngati mwatseka nokha. Izi zimachitika kawirikawiri mukawoloka mtsinje nthawi yadzinja kapena mukatsuka njinga mothira madzi ndi ndowa. Pa njinga zambiri za magneto za Honda ndi Yamaha, wayayu ndi wakuda wa mzere woyera. Msolotseni polumikizira pake n'kuyesanso. Moto ukabwera, vuto lili m'swichi. Kumbukirani kuti wayayu akakhala wosolotsedwa kiyi sazimitsa injini, ndiye muizimitse poika giya, kuponda buleki ndi kusiya kilatchi pang'onopang'ono. A Suzuki asamale, pakuti kwa iwo waya wa mtundu umenewu ndi wa earth.

Tikafika apa ndi pamene timatsegula chivindikiro cha magneto. Mukapeza madzi kapena oyilo m'katimo, pukutani ndi kuumitsa padzuwa. Amene njinga zawo zili ndi mapointi awaona kudzera pa mazenera a gudumu lija. Zunguzani gudumu ndi dzanja muone ngati akutseguka. Kachidendene kamene kamawakankha kamaperepeseka ndi zaka, mpata n'kumachepa, ndipo njinga imayamba kuvuta polira ndi kulephera zitunda zimene kale inkakwera bwinobwino. Mpata woyenera akatseguka kwambiri ndi mamilimita 0.3 mpaka 0.4. Lezala lometera ndi lopyapyala pafupifupi mamilimita 0.1, choncho malezala atatu ophatikiza akhoza kukuthandizani ngati mulibe choyezera chenicheni. Palani nkhope za mapointi ndi sandipepa wosalala, kenaka kokani kapepala kolimba koyera pakati pake mpaka katuluke kopanda dothi. Kadontho kamodzi ka oyilo pamenepa n'kokwanira kupha moto. Mapointi ayenera kuyamba kutseguka pamene chilembo cha F cha pagudumu chikuyang'anizana ndi kamzere ka painjini. Pa njinga zina m'malo mwa chilembo pamangokhala kamzere.

Mukaona mapointi apsa ndi kukumbika ngakhale munawatsuka posachedwa, kapena akuthetheka kwambiri injini ikamalira, wolakwa ndi kondensa, kachitini kakang'ono kamene kamakhala pafupi nawo kapena pafupi ndi koyilo ya kunsi kwa thanki. Kondensa yotopa imachititsa njinga kuyenda bwino m'mawa, n'kuyamba kutsokomola ikatentha. Koyilo yotopa nayo imatero: njinga imayenda mphindi khumi kapena makumi awiri, kuzima, ndipo ikazizira n'kuliranso. Njira yoigwirira ndi kuyesa moto wa pulagi pomwepo pamene yazimira, injini ikadali yotentha. Mukadikira kuti mukafike kwa makaniko, ikhala itazizira ndipo idzalira ngati yabwino.

Palinso kachitsulo kakang'ono ngati theka la mwezi kamene kamagwira gudumu la magneto pa shafuti. Nati ikakhwefuka kachitsuloka kamaduka, gudumu n'kusuntha. Moto umaoneka ndithu pa pulagi koma umabwera pa nthawi yolakwika, injini imaphulika m'paipi ya utsi kapena kiki imabwezera mwendo. Pochotsa gudumuli pamafunika chokokera chake. Musalimenye ndi hamala, chifukwa maginito amafooka ndipo shafuti imapindika.

CDI ikhale yomalizira kuiganizira. Njira yabwino yoiyesera ndi kubwereka ya njinga yofanana ndendende ndi yanu. Ma CDI ena amadya moto wa magneto, ena wa batire, ndipo ngakhale polumikizira pake pakufanana, sasinthanitsidwa.

Getsi n'lofooka, mababu akupsa kapena batire silikudzaza

Pa njinga zambiri za magneto getsi lakutsogolo limatenga magetsi ku koyilo mwachindunji. N'chifukwa chake limachepa mphamvu injini ikamalira pang'onopang'ono, n'kuwala mukaonjezera moto. Zimenezo si matenda. Koma likakhala lofiira nthawi zonse, onani zolembedwa pa babu. Babu la mavolti 12 pa njinga ya mavolti 6 limangoyaka ngati khala, pamene la mavolti 6 pa njinga ya 12 limapsa nthawi yomweyo. Babu la mawati ambiri kuposa limene njinga inabwera nalo siliwala kwambiri ayi, chifukwa koyilo yaing'onoyo siingalikwanitse. Onaninso earth ya m'chigoba cha getsi ndi swichi yosinthira getsi lakutali ndi lapafupi.

Mababu akamapsa pafupipafupi, kawirikawiri zifukwa zake ndi ziwiri. Pa njinga zambiri za mavolti 6 mulibe chochepetsera mphamvu, ndipo batire ndi limene limameza magetsi otsala. Mukachotsa batire, kapena likauma madzi, mphamvu yonse imathamangira ku mababu mukangothamangitsa injini. Anthu ambiri amati, "Njinga yanga imalira popanda batire, ndiligulirenji?" Ndalama imene akuganiza kuti apulumutsa imathera ku mababu. Chifukwa chachiwiri n'chakuti getsi lakutsogolo ndi lakumbuyo amagawana koyilo imodzi. Limodzi likapsa, linzake limalandira mphamvu yoposa muyeso n'kutsatira. Choncho babu lakumbuyo likapsa, lisintheni tsiku lomwelo.

Pofuna kudziwa ngati batire likudzaza, lizani injini, muonjezere moto uku mukuyang'ana kagetsi ka nyutulo kapena kuliza hutala. Mphamvu iyenera kukwerako. Pa mita, njinga ya mavolti 12 iyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5, ndipo ya mavolti 6 ifike cha pa 7. Ngati palibe kusintha, yang'anani polumikizira mawaya ochokera ku magneto, kenaka rekitifaya. Aka ndi kachitsulo kamene kamalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, kuchoka ku koyilo kupita ku batire. Ya miyendo iwiri imayezeka mosavuta. Ichotseni, muiike pakati pa batire ndi babu lanu, kenaka muitembenuze. Babu liyenera kuyaka mbali imodzi yokha. Likayaka mbali zonse ziwiri kapena osayaka konse, rekitifaya yafa.

Batire likamatha moto usiku njinga ili chiimire, tsekani kiyi, masulani waya wochotsera, muike babu laling'ono pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Likayaka ndiye kuti pali chimene chikuba magetsi. Nthawi zambiri zimakhala zoonjezera zimene zinalumikizidwa molambalala kiyi, monga chotchajira foni, wailesi kapena timagetsi tokongoletsera. Batire lolembedwa 6N4 ndi la mavolti 6 ndipo nkhokwe yake ndi ya 4 Ah yokha, moti silingadyetse zonsezi. Mukapita nalo kotchajitsa, auzeni kuti ndi la njinga ndipo lifunika moto wochepa. La mavolti 6 lisalumikizidwe pa batire la galimoto kapena pa sola ya mavolti 12, chifukwa limawira n'kuwonongeka.

Vuto lobwera ndi kupita

Pali vuto lina losautsa, lija njinga imazima mukagunda bampu kapena mukakhota, kenaka n'kuliranso yokha. Limeneli ndi la waya woduka m'kati, khungu lake lili bwinobwino. Malo oyamba kuwaganizira ndi pakhosi pa njinga, pamene mtolo wa mawaya umapindika nthawi zonse mukamawongolera. Lizani injini, muyatse getsi, n'kumatembenuza chiwongolero uku ndi uku, komanso kugwedeza mawaya ndi dzanja chigawo ndi chigawo. Pamene getsi liphethire, vuto lili pomwepo. Waya woduka m'kati mukamukoka pang'ono amatamuka ngati mphira.

Ife alimi tilinso ndi malo athu ena. Zingwe za mphira zomangira madengu ndi matumba a nandolo zimafinya mawaya a getsi lakumbuyo pa kaliyala. Njinga yogona m'chipinda chimodzi ndi chimanga imachezeredwa ndi makoswe, amene amakonda kutafuna mawaya kunsi kwa mpando ndi kwa thanki. Polumikiza waya woduka, palani nsonga zonse mpaka mkuwa uwale, potani zolimba, ndipo ngati n'kotheka kawotcheretseni ndi mtovu kwa okonza mawailesi musanakulunge tepi. Kukulunga ndi pepala la pulasitiki n'kuitana shoti.

Nthawi yopita kwa makaniko

Mukatsata zonsezi n'kupeza kuti vuto lili m'makoyilo a m'kati mwa magneto, pitani kwa makaniko amene ali ndi chokokera ndi mita. Muuzeni zonse zimene mwayesa kale, ndipo musachite manyazi kumufunsa kuti, "Achimwene, mwayeza bwanji kuti mudziwe kuti chafa n'chimenechi?" Makaniko wodziwa ntchito amakuonetsani. Safunsa anadya phula. Chitsulo chakale chimene achotsa mutenge, pakuti chatsopano chikapanda kuthetsa vuto ndiye kuti chakalecho chikadali chamoyo. Pokagula china, kaya pa Boma, ku Limbe kapena kutsidya ku Zobue, nyamulani chakalecho kuti mukafananize mawaya, mabowo ndi mavolti. Kuchoka pa Mwanza kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100, ulendo wosafunika kuuyenda kawiri chifukwa cha chitsulo cholakwika.

Pomaliza, alimi anzanga, nyengo yokolola isanafike patulani tsiku limodzi la njinga. Chotsani mpando ndi thanki, tsukani mitu ya batire ndi mabauti a earth, solotsani polumikizira paliponse n'kupaka vaselini pang'ono, onani madzi a batire ndi kapaipi kake, chunani mapointi. M'kabokosi ka zida muzikhala pulagi, fyuzi ziwiri, babu lakutsogolo ndi lakumbuyo, tepi ndi babu loyezera lija. Madzi a batire muziwaona mwezi uliwonse, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

Ndipo getsi likafa dzuwa litalowa, gonani kwa abale kapena kankhani njinga kunja kwa msewu. Msewu wa M6 umadutsa magalimoto akuluakulu opita ku Tete, ku Beira ndi ku Zimbabwe usiku wonse, ndipo dalaivala wa thiraki yodzaza katundu sangaone njinga yopanda getsi lakumbuyo mpaka atafika pafupi zedi. Kuyenda chomwecho n'kuphwanya lamulo la pamsewu, komanso tochi ya foni yolumidwa pakamwa siingakutetezeni. Manachesi amabala chaka ndi chaka, ndipo ana kunyumba akufuna inuyo mufike wamoyo.